Mwana wanga, galimotoyo izipumako, uzikwera Gautrain

Mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, bambo ako mwendo uja wayamba kusintha, akumayenda okha kupita kudimba.

Ndakulembera za galimoto yakoyo. Apongozi anga andiuza kuti ukumadzuka kusanache kuthawa trafiki ya pa N1, madzulo ukumafika ana atagona kale, chakudya ukudyera pa sofa maso ali ofiira, ndiye mwezi uno wanena wekha kuti zinthu zathina chifukwa cha loni ya galimoto ndi mafuta. Usaganize kuti ndikudandaula za ndalama yomwe sunatumize ayi, chimanga chilipo sitigona ndi njala. Chikundipweteka ine ndi chakuti ukutha mphamvu pamsewu tsiku ndi tsiku pomwe sitima ya Gautrain ikudutsa pafupi ndi pomwe ukukhala.

Msewu umene umayendawo, kuchoka ku Centurion kupita ku Sandton, ndi N1 yomweyo, amautcha Ben Schoeman, ndipo umadziwika South Africa yonse kuti ndi umodzi mwa misewu yodzadza kwambiri. Anaukulitsa nthawi ija ankakonzekera World Cup ya 2010, kenako anaika ma e-toll, olipiritsa magalimoto odutsa pamsewuwo, mu 2013 kuti abweze ngongole ya ntchitoyo, anthu anakana kulipira mpaka boma linathetsa ma e-tollwo mu April 2024. Ndikudziwa uti mwaona amayi, panopa msewu ndi waulere. Zoona, koma mzere wa magalimoto uja unachoka? Msewu akaukulitsa anthu amati eya tsopano kwatseguka, yemwe ankakwera basi nayenso amagula yake, pakapita zaka zochepa wadzadzanso ngati kale, ndipo ukasuzumira m'magalimotomo ambiri muli munthu mmodzi yekha, dalaivala basi, mipando inayo ikungopita yopanda anthu. Iwenso uli mmodzi mwa iwo. Ukamatukwana trafiki uzidziwa kuti amene ali kumbuyo kwako akutukwana iweyo.

Pomwe Gautrain ili ndi njanji yakeyake, siima pa maloboti, sidikira kuti achotse lole yomwe yafa pamsewu. Inayamba mu June 2010 kuchoka ku Sandton kupita ku eyapoti ya OR Tambo, mbali ya ku Pretoria anaitsegula mu 2011, masiteshoni onse alipo 10 ndipo imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola. Kuchoka ku Centurion imaima pa Midrand, pa Marlboro, kenako wafika Sandton theka la ola lisanakwane, pomwe pagalimoto m'mawa ola lathunthu limatha uli pamzere. Ine ndinaikwera muja ndinabwera kudzaona mwana wakhanda, ndiwe amene unandigulira khadi pa eyapoti, ndipo unkandiuza monyadira kuti amayi muno saloleza kudya ngakhale chingamu. Nanga bwanji iweyo umangoikwera pokalandira alendo?

Ine ndikudziwa chomwe chili mumtima mwako. Unakulira mu minibasi za kuno, kukhala pa depoti ku Limbe kudikira kuti idzadze, anthu anayi pampando wa anthu atatu, thumba la wina lili pamiyendo pako, kondakitala akukana chenji, ndiye unalumbira kuti ukadzangoyamba ntchito sudzakweranso za anthu ambiri. Komanso kwathu kuno munthu akagula galimoto timati basi uyu zake zayera, ndipo tsiku lomwe unatumiza chithunzi cha galimotoyo ine ndinavina ndithu, ndinaonetsa amayi onse a kumvano. Kunyada kumeneko sikunathe ndipo sindikunena kuti uigulitse. Koma ulemu wako suchepa chifukwa wakwera sitima mwana wanga, m'mene muja ndinaonamo anthu a masuti, ena atatsegula ma laputopu akugwira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo magalimoto ali nawo, amangowasiya pa siteshoni kapena kunyumba.

Za mtengo ndisakunamize, Gautrain siyotchipa, ndiyodula kuposa ma taxi ndi sitima wamba za Metrorail, n'chifukwa chake ambiri olandira zochepa saikwanitsa. Koma iwe usayerekeze tikiti ndi mafuta okha. Werengera matayala, sevisi yomwe imafika msanga chifukwa makilomita akuchuluka, mabuleki omwe amatha ndi kuima-ima kuja, malo oimika ku Sandton omwenso ndi ndalama, komanso tsiku lomwe udzafune kuigulitsa ogula adzayang'ana makilomita n'kutsitsa mtengo. Galimoto ili ngati mwana wakhanda, imadya ngakhale isakugwira ntchito, inshuwalensi ndi loni zimenezo uzilipira ndithu, koma zinazi ukhoza kuzichepetsa. Tenga kope ulembe zonse za mwezi umodzi, mulembe awiri ndi mkazi wako chifukwa iweyo pawekha udzachotsako zina.

Kuno tinaphunzira ndi misozi. Muja mafuta anasowa, amuna akuluakulu ankagona m'magalimoto pa filing'i siteshoni, kenako kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zonse n'kukwera, ambiri anaimika magalimoto n'kuyamba kukwera kabaza, chifukwa kuno kulibe kothawira kwina. Iweyo uli ndi sitima, uli ndi mabasi a Gautrain omwe amatenga anthu m'madera kupita nawo pa siteshoni, ku Johannesburg kuli mabasi a Rea Vaya, ku Pretoria kuli mabasi a A Re Yeng, zinthu zomwe ife kuno timangozimva.

Koma chachikulu chomwe chimandisowetsa tulo ndi ngozi. Munthu wadzuka mdima, wagwira ntchito tsiku lonse, kenako ayendetse pakati pa malole ali ndi tulo, kungosinza pang'ono basi zatha. Ndipo uli kudziko la eni, galimoto ikakufera usiku pamsewu waukulu palibe malume ako oti uwaimbire. Musitima ukasinza choipa kwambiri n'chakuti upitirira siteshoni yako.

Ndikudziwa sitimayo siyenda usiku wonse, ndiye masiku omwe ukudziwa kuti uweruka mochedwa tenga galimoto, palibe vuto, ndipo usamayende wapansi mumdima kuchoka pa siteshoni foni ili m'manja. Loweruka, kutchalitchi, kukagula zinthu, yendetsa mmene ukufunira. Koma masiku a ntchito isiyire mkazi wako, ndiye amene akuvutika ndi ana kusukulu ndi kusikelo, akhoza kumakutula pa siteshoni m'mawa. Yamba Lolemba likubwerali, mwezi ukatha undiimbire undiwerengere zomwe zili m'kope muja, ine ndi bambo ako tikufuna timve.

Upereke moni kwa apongozi anga ndi adzukulu anga onse.

Ndine mayi ako.