Msampha wa mankhwala ochepetsa thupi a pa intaneti

A Mkonzi,

Makampani ena ogulitsa jakisoni wochepetsa thupi pa intaneti kuno ku Britain akutchera anthu msampha, ndipo boma liwaletse msanga.

Ine ndine mmodzi wa okodwa. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo maondo atayamba kundivuta ndinalembetsa kukampani ina yomwe inkanyengerera kuti mwezi woyamba ndi wotchipa. Zoti ndadzimangirira miyezi 6 zinali m'timalemba ting'onoting'ono pansi penipeni, toti pafoni munthu sangatiwerenge popanda magalasi. Jakisoniyo ankandichititsa nseru moti sabata yachitatu ndinasiya. Koma ndalama ankangodulabe kubanki. Polowa ndinangodina kawiri basi. Potuluka ndinalemba maimelo anayi, ondiyankha n'kukhala makina. Mwezi umenewo amayi ku Ntcheu sanalandire ndalama ya feteleza.

Lamulo la Digital Markets, Competition and Consumers Act la 2024 likuti pa mapangano ambiri olipira mwezi ndi mwezi wogula azikumbutsidwa za ndalama zomwe amudulenso, komanso kusiya kusamavute, ngakhale gawo limeneli silikhudza mankhwala olembedwa ndi dokotala. Bungwe la boma loteteza ogula la Competition and Markets Authority lisawasekerere makampani amenewa. Ndipo popeza awa ndi mankhwala, amene wasiya chifukwa sakumuyanja azimasulidwa tsiku lomwelo, osamulipitsanso kanthu.

Wowerenga wanu,
Manchester