Khobwe mu slow cooker safuna kuvundukula kawirikawiri

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndiuze anzanga amene agula slow cooker, poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono uja, zomwe ndaona ndi khobwe wa diso lakuda.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa ndekha. Ndinathira tomato pamodzi ndi khobwe m'mawa, ndiye pofika madzulo msuzi unali wofiira bwino koma khobwe ali gwa, wolimba mkati. Kuwawasa kwa tomato kumachedwetsa khobwe kufewa. Panopa ndimamuthira kwatsala mphindi 30 zokha.

Khobweyu safuna kunyika usiku wonse ngati nyemba zina. Ndimasankha, kutsuka, kenako makapu 2 a khobwe ndimathira makapu 6 a madzi, anyezi ndi mchere. Pa moto wochepa amatenga maola 6 mpaka 8, pa moto waukulu maola 3 kapena 4. Akakhala wokhalitsa amachedwerapo.

Chovuta changa chinali mtima. Ndinkangovundukula kuti ndione, nthunzi n'kuthawa, kutentha n'kutsika, potoyo n'kuyambanso kukoka pang'onopang'ono. Mwana wanga anachita kundimatira kapepala pa chivundikiro, kolemba kuti "Amayi, musatsegule."

Koma chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti ena akumachita chimodzimodzi ndi nyemba zofiira zazikulu zija. Ayi ndithu. Zimenezo zili ndi poizoni amene amafa pokhapokha zitawira kwambiri kwa mphindi zosachepera 10, ndipo slow cooker pa moto wochepa safika pamenepo. Munthu akadya zosawira bwinozo amasanza ndi kutsegula m'mimba. Ziwiritseni kaye pa moto wamphamvu, kenako muziike m'potomo.

Ine wanu,
Mayi wowerenga nyuzipepala yanu