Lipoti la msonkhano wa za umwini wa nyimbo

A Wapampando, a komiti ndi oyimba anzanga a ku Chawama,

Munandituma ku msonkhano wa masiku awiri wa oyimba, ojambula nyimbo ndi opanga mafilimu muno mu Lusaka. Ndinapita, ndipo malisiti a minibasi ndi chakudya ndapereka kale kwa asungichuma.

M'mawa wa tsiku loyamba tinamva za lamulo. Lamulo loteteza umwini wa nyimbo ndi zolemba kuno ku Zambia ndi la 1994, ndipo linakonzedwa mu 2010, nthawi imene mdani wathu anali wogulitsa ma CD okopera ku Soweto Market. Lero nyimbo zimayenda pa foni.

Mfundo imene ndikufuna tonse tiimvetse ndi iyi: nyimbo imodzi ili ndi umwini pawiri. Pali mawu ndi mayimbidwe ake, zomwe ndi za wopeka. Palinso chojambulidwa chija chotuluka mu studio, chimene timati master. Ambirife tikalipira studio timayesa zonse ndi zathu, pomwe a producer, amene amatijambula, nawo amati biti, kutanthauza zoyimbira za pansi pa mawu, ndi yawo. Apa m'pamene holo inatentha. Mayi wina woyimba za uzimu anafotokoza kuti amene anamujambula anatumiza nyimbo yake ku Spotify ndi Boomplay m'dzina la studio. Iye ataika vidiyo ya nyimbo yomweyo pa YouTube, makina a YouTube ozindikira eni nyimbo, otchedwa Content ID, anaigwira kuti ndi ya mwini wina, ndalama n'kumapita kwa mwini winayo. Makinawo samafunsa kuti anapeka ndani, amangotsata amene analembetsa. Mayiyo ankalankhula misozi ili m'maso, inenso zinandiwawa.

Koma a producer anayankha, ndipo sindingabise kuti anali ndi mfundo. Anati oyimba timalipira theka n'kuzimiririka, kenaka nyimbo ikamveka pa wailesi timabwera ndi ukali. Wotsogolera zokambirana atafunsa kuti ndi angati analemberana pangano asanajambule, manja amene anakwera anali owerengeka. Langa silinakwere.

Chinandilimbitsa mtima ndi nkhani ya malemu Paul Ngozi, mtsogoleri wa gulu loyimba la Ngozi Family, amene anatisiya mu 1989. Mu 2024, Tyler, the Creator wa ku America anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family ya Nizakupanga Ngozi n'kuchiika mu nyimbo yake ya Noid. Mwa lamulo lathu, umwini wa wopeka umapitirira zaka 50 iye atamwalira. Choncho zimene tikuyimba ku Chawama lero n'chuma cha ana athu, bola zidziwike kuti n'zathu.

Tsiku lachiwiri linali la AI, nzeru zopangidwa za makompyuta. Anatikumbutsa za nyimbo ya mu 2023 imene inatsanzira ndi AI mawu a oyimba Drake ndi The Weeknd eni ake osayimba, komanso kuti mu June 2024 makampani akuluakulu a nyimbo a Universal, Sony ndi Warner anasumira Suno ndi Udio, eni mapulogalamu opanga nyimbo ndi AI, powanena kuti anaphunzitsa makina awo ndi nyimbo zawo popanda chilolezo. Ku America makhoti anagamula kuti chopangidwa ndi makina okha sichitetezedwa ndi lamulo la umwini. Achinyamata athu amene ayamba kupangira mabiti pa mapulogalamu amenewa amve bwino pamenepa, chifukwa biti yotero ingavute kuiteteza wina akaitenga.

Pempho langa ku gulu ndi loti kuyambira tsopano pasakhale wa ife wotuluka mu studio popanda pepala losonyeza amene wapeka, amene wapanga biti, mwini master, gawo la aliyense, ndi dzina limene nyimbo itumizidwire pa intaneti, onse atasaina. Ndabwera ndi chitsanzo cha pepalalo, mlembi achulukitsa. Amene sitinalembetse nyimbo zathu ku ZAMCOPS, amene amatolera ndalama ku mawailesi ndi malo achisangalalo, tipitire limodzi. Loweruka aliyense abwere ndi chitupa cha NRC ndi mndandanda wa nyimbo zake zonse, ngakhale zimene sizinatuluke.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu