Kalata kwa bwenzi: ziwerengero za rugby ndi zotsatira zake

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Johannesburg, ife kuno ku Blantyre tilipo. Ndalemba kuti ndiyankhe mfundo ya m'kalata yanu ija, yakuti pa rugby timu imene yasunga mpira nthawi yaitali ndiyo imapambana. Ine ndikukana, ndipo umboni wanga ndi fainolo ya chikho cha dziko lonse imene inaseweredwa pa 28 Okutobala 2023 pa bwalo la Stade de France ku France, pakati pa New Zealand ndi South Africa.

Usiku umenewo New Zealand ndiyo inasunga mpira kwambiri, ngakhale kuti kaputeni wawo Sam Cane anatulutsidwa ndi khadi yofiira chigawo choyamba chisanathe. Ndi iwonso okha amene anagoletsa try (kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa zigoli wa timu inayo), kudzera mwa Beauden Barrett. Komabe South Africa inapambana 12 kwa 11, ndipo mapointi onsewo anachokera ku mapenate anayi amene Handré Pollard anamenya m'chigawo choyamba. M'chigawo chachiwiri sanawonjezere ngakhale pointi imodzi, ntchito inali yotchinga basi.

Chiwerengero chimene chimafotokoza bwino masewerowo ndi cha Pieter-Steph du Toit wa South Africa, amene anagwetsa osewera a New Zealand maulendo 28, ndipo Jordie Barrett ndiye anamva kuwawa kwake kuposa onse, chifukwa akangolandira mpira ankapeza munthuyo wafika kale pachifuwa. Wosewera amagwetsa anzake chotere pamene timu yake ilibe mpira, choncho amene angoyang'ana za kasungidwe ka mpira adzaganiza kuti South Africa inali kuthedwa nzeru, pamene inali kuchita zimene inakonzekera. Kumbali ya New Zealand, Richie Mo'unga anaphonya mpira womenya pambuyo pa try, ndipo Jordie Barrett anaphonya penate yakutali chakumapeto. Umodzi wokha ukanalowa, bwenzi tikukamba nkhani ina.

Mwina mudzati unali mwayi, poti isanafike mu fainolo, South Africa inagonjetsa France 29 kwa 28 ndipo England 16 kwa 15. Mwayi sindikuukana. Koma penate imene inagwetsa England inabadwira mu scrum (pamene osewera akutsogolo a matimu onse awiri amakankhana polimbirana mpira), osewera amphamvu olowa m'malo monga Ox Nché atawapanikiza, ndipo zimenezo anazikonza aphunzitsi posankha timu.

Mukamayankha, mundiuze mapenate amene timu iliyonse inapereka pafupi ndi zigoli zake m'masewero amene mukudalirawo, kuti tikangane pa chiwerengero chimenecho. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa ku Blantyre.