Lipoti la msonkhano wa ku Lilongwe: zimene ndamva za mayi Vera Chirwa

Mayi wapampando ndi amayi anzanga nonse a gulu lathu la kwa Mkanda, zikomo pondituma. Ndabwerako bwino. Msonkhano unali wa masiku awiri, wokamba za amayi pa utsogoleri. Tsiku loyamba linathera pa malamulo a chisankho, ndipo mapepala ake ndabwera nawo. Koma chimene chandikhala pamtima ndi phunziro la tsiku lachiwiri, la moyo wa mayi Vera Chirwa.

Mayiwa anabadwa mu 1932, ndipo ndi mzimayi woyamba m'Malawi muno kukhala loya. Amuna awo, bambo Orton Chirwa, ndi amene anayambitsa chipani cha MCP mu 1959 pamene Kamuzu anali m'ndende ku Gwelo (Gweru, ku Zimbabwe), kenako n'kudzakhala nduna ya zachilungamo. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, banjali linathawira ku Tanzania. Mayi Vera anaphunzira malamulo ku London, anagwira ntchito ku Dar es Salaam, pambuyo pake n'kumaphunzitsa malamulo pa University of Zambia ku Lusaka.

Apa ndi pamene ndinaika cholembera pansi. Pa 24 Disembala 1981, mawa lake kuli Khirisimasi, mayiwa, amuna awo ndi mwana wawo anagwidwa dera la kumalire kwathu konkuno. Boma linati analowa okha m'dziko kudzera ku Mchinji, eni ake anati anachita kubedwa ali mbali ya Zambia. Amayi, ine ndadutsa pa boda ya Mwami kosawerengeka, chikwama cha zitenje za ku Chipata chili pamutu, osadziwa kuti dera lomwelo linaona zoterezi. Wophunzitsa atafunsa ngati muli wa ku Mchinji m'chipindamo, ndinakweza dzanja mwamanyazi, chifukwa nkhani ya pakhomo pathu ndinkaimva koyamba kwa anthu akutali.

Mlandu woukira boma anawazenga ku khoti la mafumu, kumene loya sankaloledwa kuimira munthu. Taganizani, munthu wophunzitsa maloya, mlandu wake wa imfa, koma womuimira ayi. Mu 1983 onse awiri anagamulidwa kuti aphedwe, ndipo mu 1984 chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Ku Zomba anawatsekera kosiyana. Anadzaonana mu 1992 patapita zaka 8, maloya a ku Britain atabwera kudzawayendera, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho bambo Orton anamwalira ali m'ndende. Mayi Vera anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993.

Ine ndikanatuluka mmenemo bwenzi nditangokhala phee pakhomo. Iwo ayi. Anayambitsa mabungwe omenyera ufulu a Malawi CARER ndi Women's Voice, anayendera ndende za maiko a mu Africa m'malo mwa bungwe loona za ufulu wa anthu la kontinenti ino, ndipo chisankho cha 2004 chikuyandikira ananena poyera kuti akufuna upulezidenti. Dzina lawo silinafike pa pepala lovotera. M'gulu lathu la zokambirana ena ankati kumeneko kunali kulephera. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe. Mpando anaupempha ndi pakamwa pawo, osadikira kuti abambo awasankhire. Ife pano timakankhana ngakhale pa mpando wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, aliyense amvekere "aimire uje, ine sukulu inandichepera".

Choncho pempho langa ndi ili: Lachitatu likudzali tikakumana pansi pa mtengo wa mango paja, tisabalalike tisanatchule dzina la mmodzi mwa ife woti adzaimire pa VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi ija, ndipo tigwirizane zomuperekeza kwa a gulupu tonse pamodzi. Ndikupemphanso chilolezo chanu kuti nkhaniyi ndikaifotokozere atsikana athu a sekondale.

Ndalama yotsala ya thiransipoti ndapereka kwa mayi msungichuma, malisiti ake ali momwemo.