Tipatseni malo a zithunzi za njuchi ndi tizilombo tina

Akonzi,

Ndalemba kalatayi popempha nyuzipepala yanu kuti izipatula kadanga, ngakhale kamodzi pa mwezi, kosindikizapo zithunzi za njuchi ndi tizilombo tina zimene owerenga ajambula okha m'minda ndi m'madimba mwawo. Tikamakamba za chilengedwe m'dziko muno, maganizo athu amathamangira ku njovu za ku Liwonde ndi mbidzi za ku Nyika, chonsecho ambiri mwa ife sitidzafikako, pamene kachilombo kamene kamabereketsa maungu athu kali kuseri kwa nyumba ndipo foni yokajambulira ili m'thumba mwathu.

Ine ndinayamba kujambula tizilomboti zaka zitatu zapitazo, ndipo chithunzi chimene chinanditsegula maso ndinachitola pa duwa la dzungu. Duwali limatseguka m'bandakucha ndipo pofika masana limakhala litafota kale, choncho ndinalawirira n'kukagwada m'mame kudikira. Njuchi inabwera n'kulowa chamutu mpaka pansi pa duwa, ndipo potuluka inali itapakika mungu wachikasu kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Kenaka inaulukira pa duwa lina, lija limakhala ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Nditakulitsa chithunzicho madzulo ndinaona kuti thupi la njuchi lili ndi tiubweya tosawerengeka, ndipo pa tiubweyapo panali patakanirira timbewu ta mungu. Ndinaphunzira kusukulu kuti dzungu lili ndi maluwa aamuna ndi aakazi, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinamvetsa kuti popanda wonyamula munguwo kadzungu kaja kamangofota n'kugwa. Kuyambira pamenepo, kwathu tikamathyola chiluwe cha ndiwo timasiyako maluwa ena aamuna mpaka njuchi zitamaliza ntchito yake.

Chithunzi china chinasintha mmene ndimathirira mankhwala. Pa mpiru panga pankabwera kachilombo ka mizere yakuda ndi yachikasu kamene kamaima m'malere osasuntha, ndipo ndinkakayesa njuchi. Pachithunzi kanaoneka kuti kali ndi mapiko awiri okha pamene njuchi ili ndi anayi, maso ake ndi aakulu mwakuti amadzaza mutu, ndipo tinyanga take ndi tatifupi. Ndi mtundu wa ntchentche yosaluma, imene mphutsi zake zimadya nsabwe za m'masamba zija zimatisautsa m'dimba. Zinandipweteka mtima kuzindikira kuti popopera mankhwala m'mawa, maluwa ali chitsegukire, ndinkapha omwe ankandithandiza. Lero ndimapopera pokhapokha ngati zavutitsitsa, ndipo ndimatero dzuwa litalowa.

Kwa amene angafune kuyesa, sipafunika kamera yodula. Nthawi yabwino ndi m'mawa kukadali kozizira, chifukwa tizilombo timakhala tisanachangamuke. Munthu asankhe duwa limodzi n'kudikira pomwepo m'malo mothamangitsa njuchi munda wonse, aonetsetse kuti chithunzithunzi chake chisagwere pa duwalo, ndipo atsamize chigongono pa bondo kuti dzanja lisanjenjemere. Pa zithunzi makumi awiri mwina chimodzi chokha ndicho chimatuluka bwino, ndipo zimenezi zisagwetse munthu ulesi. Njuchi imene ili pa duwa imatanganidwa ndi chakudya ndipo siluma wamba, koma pafupi ndi mng'oma ndi nkhani ina, chifukwa njuchi za kuno zimateteza zisa zawo mwaukali ndipo ana asayandikireko okha. Ndikupemphanso kuti wina asaphe kachilombo kapena kukathyola mapiko n'cholinga choti kakhale phee pojambula.

Pa dziko lonse pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, ndipo yambiri sipanga uchi kapena kukhala m'magulu. Bemberezi amene amaboola mitengo ya denga ndi njuchi nayenso, ndipo ndamujambulapo kangapo akutsegula maluwa a nandolo ndi kulemera kwa thupi lake. Zithunzi zoterezi zingathandizenso akatswiri, chifukwa pa pulogalamu ya iNaturalist munthu amaika chithunzi pamodzi ndi malo ndi tsiku, ndipo odziwa amathandiza kutchula mtundu wa kachilomboko. Komabe si aliyense amene ali ndi ndalama za intaneti, n'chifukwa chake ndikuona kuti nyuzipepala, imene imawerengedwa ndi anthu ambiri mpaka itang'ambika, ingafikitse nkhaniyi kwa alimi ndi ana asukulu.

Mungathe kuyamba pa 20 May, tsiku limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2017 kuti likhale lokumbukira njuchi. Pempho langa lalikulu ndi lakuti pansi pa chithunzi chilichonse pazilembedwa boma limene chajambulidwa, mwezi wake, chomera chimene kachilomboko kanaterapo, komanso dzina lake m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao kapena m'Chilomwe. Agogo athu amadziwa mayina a tizilombo tambiri timene ife timangoti "kachilombo", ndipo wojambula akasowa dzina akawaonetse chithunzicho asanachitumize kwa inu. Ine ndili ndi zithunzi zisanu zimene ndakonzeka kutumiza mukangotsegula kadangako.

Wowerenga wanu,
ku Zomba