Tiwalole ana athu adzijambule nkhope zawo zenizeni

A Mkonzi,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo chandilembetsa kalatayi ndi pepala limodzi limene lakhala pa tebulo langa milungu itatu tsopano.

Pa phunziro la zojambula, limene pa ndandanda timalemba kuti Educação Visual, ndinauza ana a kalasi yachisanu kuti aliyense adzijambule yekha. Ndinatenga kalilole wanga wa kunyumba kuti azipatsirana. Mtsikana wina, amene dzanja lake limaposa la anzake onse, anandibweretsera chithunzi cha mayi wa tsitsi lofika m'chiuno, mphuno yosongoka, khungu atalisiya loyera ngati pepala lomwelo. Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, uyu ndani?" Iye anati, "Ndine, aphunzitsi." Ndinati, "Nanga kampata ka pakati pa mano ako kali kuti?" Anazolika n'kuyankha chapansipansi kuti zimenezo sajambula, si zokongola. Kalilole uja sanamukhudze n'komwe. Nkhope imene anajambula anaiona pa mabotolo a mafuta odzola mumsika wa Ulongwe ndi m'mafoni a azikulu ake.

Mwanayo sindimudzudzula. Ife akuluakulu ndife tinachita kuti phunziroli likhale la masewera. Kukakhala msonkhano wa aphunzitsi, ola la zojambula ndilo limayamba kufa. Pabwalo pakachuluka zinyalala, ana amasesa pa ola lomwelo. Tsiku limene laphunzitsidwa, timajambula kapu kapena duwa pa bolodi, ana n'kukopera, ndipo amene wafananitsa kwambiri ndi cha aphunzitsi ndiye wakhoza. Palibe amene amauza mwana kuti, pita ukayang'anitsitse manja a agogo ako, ubwere utiuze ndi pensulo zimene waona.

Ine ndikudziwa chimene kuyang'anitsitsa kotere kumachita mwa munthu. Ndinabadwira kufupi ndi phiri la Domwe. Mu 1986 nkhondo ya pachiweniweni inatithamangitsa, tinawoloka malire usiku kupita ku Dedza, ife pamodzi ndi unyinji wa anthu umene pomaliza unafika pafupifupi miliyoni imodzi m'Malawi monse. Kumeneko tinkalankhula chinenero chimodzi ndi eni mudzi, a Phiri anapeza a Phiri anzawo, a Banda chimodzimodzi, komabe dzina lathu linali "othawa nkhondo". Boma ndi Renamo atasainirana mtendere ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera chaka chotsatira, ndipo kuno kwathu anzathu ankatitcha Amalawi chifukwa Chipwitikizi sitinkachidziwa. Ndinali ndi zaka 14, kuno mlendo, uko mlendo.

Anandikhazika pansi ndi agogo anga aakazi, ngakhale iwo sanadziwe kuti akutero. Anali ndi mphini m'masaya ndi pachipumi. Tsiku lina akusenda nyemba pakhonde ndinatola khala pamoto ndi pepala la thumba la simenti, n'kuyamba kuwajambula. Zinanditengera masiku angapo, chifukwa mzere uliwonse umene ndinkaufunsa unali ndi nkhani yake: amene anawatema, mudzi umene anavinidwirako, mayina a amayi awo ndi a agogo awo. Nditafika pachipumi dzanja linaima lokha. Chinali chipumi changa. Agogo anaseka n'kunena kuti, "Ichi ndi cha amayi anga, mbumba yonse tili nacho." Chitupa cha boma ndinachipeza patapita zaka, koma kuyambira tsiku limenelo munthu akanditcha Mmalawi kapena wothawa, mawuwo sankandilasanso.

Makolo athu ankadziwa kuti munthu amaumbidwa ndi zimene maso ake aona. Kungowoloka malire, m'mapiri a Chongoni ku Dedza, muli malo 127 okhala ndi zithunzi za pamiyala, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira ndi za Akafula amene analipo m'dziko lino ife tisanabwere. Zoyera zambiri anajambula ndi Achewa, zina mwa izo amayi, pophunzitsa anamwali. Malirewa anadza dzana, mapiriwo ndi amodzi, ndipo kuno ku Tete nakonso kuli mapanga otere, monga ku Chifumbaze. Tangoganizani: mtsikana akutha msinkhu, anamkungwi sankangomulankhula, ankamuonetsa chithunzi, n'kumuveka chingondo choumba ndi dothi kumutu, kuti aone ndi maso ake kuti wasanduka munthu wina. Ana anga a m'kalasi ambiri sanamvepo za Chongoni, chonsecho ena a iwo amakagula sopo ku Dedza.

Za Gule Wamkulu ndilankhula zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo, za kudambwe si zanga. Mu 2005 UNESCO inavomereza guleyu ngati chuma cha maiko atatu, Mozambique, Malawi ndi Zambia. Koma yang'anani nkhope za zilombozo. Chadzunda ndi ukulu wake. Maliya ndi ulemu wake. Simoni, wofiira ngati mzungu amene dzuwa lamuwamba. Pamene alendo anabwera ndi mfuti ndi mabuku, anthu athu anawayang'anitsitsa, n'kuwaika pabwalo kuti mudzi wonse uone ndi kudzifunsa kuti, ife ndife otere kapena ayi? Amishoni anayesa kuuthetsa, ndipo ngakhale titalandira ufulu mu 1975 panali nyengo imene miyambo yotere inkatchedwa ya umbuli. Sunathe, chifukwa mudzi sungalole kulandidwa kalilole wake.

M'kalasi ndimakonda kuwauza za Malangatana Ngwenya, katswiri wojambula zithunzi wa dziko lathu, amene anabadwira ku Matalana mu 1936 n'kumwalira mu 2011. Ali mnyamata ankatolera azungu mipira ya tenisi ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo. Apolisi achinsinsi a atsamunda, a PIDE, anamutsekera miyezi 18 m'zaka za m'ma 1960. Zithunzi zake n'zodzaza ndi nkhope zothithikana, maso akuluakulu, mano pamtunda, anthu ndi zilombo kusakanikirana, osasiya mpata wopumira. Sanadzikongoletse kuti atsamunda amukonde. Anajambula mantha ndi nthano zimene anakulira, ndipo dziko linamudziwa chifukwa cha zomwezo.

Koma amene amandikhudza kwambiri, mwina chifukwa nanenso ndine mayi, ndi Reinata Sadimba, Mmakonde wa ku Cabo Delgado, wobadwa mu 1945. Kwawo amayi ankaumba miphika ndi mitsuko, zosema za maonekedwe a anthu zinali za amuna. Iye anatenga dongo lomwelo la miphika n'kuyamba kuumba anthu: amayi apakati, amayi obereka ana, matupi a mitu ingapo. Ndipo mphini zimene zili pankhope pake amazilembanso pa nkhope za zoumba zakezo. Chimene wina akanabisa ndi mpango iye anachiika poyera, n'kukhala chizindikiro chake. Nditaonetsa ana chithunzi chake pafoni, kalasi yonse inati zii, kenako mnyamata wina anati, "Akufanana ndi agogo a kwathu."

Ndikudziwa zimene makolo anzanga anena, chifukwa anandiuzapo pamaso: kujambula sikudyetsa, mwana aphunzire masamu ndi Chipwitikizi kuti akapeze ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Masamuwo ndimaphunzitsa ndine ndemwe, ndipo ndimawalemekeza. Koma mwana amene amakhulupirira kuti nkhope yake si yoyenera kuikidwa pa pepala, mawa adzakhulupirira kuti mawu ake si oyenera kumveka pamsonkhano, ndi kuti mtengo wa mbatata yake ya kachewere auike ndi wogula. Ndawaona atsikana a zaka 15 akudzola mafuta oyeretsa khungu mpaka masaya kupsa. Zimenezi zimayambira pa chithunzi chimene munthu wanyamula m'mutu mwake.

Ndisamveke molakwa. Sindikunena kuti tibwerere kukatema ana mphini, kapena kuti mwana aliyense ajambule gule. Alipo a m'mabanja a mpingo amene sangatero, ndipo ali ndi ufulu. Ajambule yunifolomu ya kwaya ya amayi ake. Wa Chingoni ajambule chishango cha agogo ake ndi ng'ombe za m'khola. Wa ku Moatize ajambule sitima ya malasha ndi fumbi limene limadetsa zovala pachingwe. Wa mumzinda wa Tete ajambule mlatho wa Samora Machel monga amauonera iye akamapita kukatunga madzi, osati monga ulili pa kalendala. Ngakhale mfuti zimene zinatithamangitsa zija, mmisiri wina wa ku Maputo anazidula n'kuwotcherera mpando, umene lero uli ku British Museum ku London. Munthu amadzipeza ndi m'zowawa zomwe.

Kwa akuluakulu a maphunziro m'chigawo chino ndikupempha chinthu chosafuna ndalama zambiri: ola la zojambula lisamalandidwe, ndipo pokonzekeretsa aphunzitsi muziwaphunzitsa kufunsa mwana zimene waona, osati kumukopetsa. Mu 1993 chigawo chathu chinali chimodzi mwa ziwiri zimene zinayamba kuyesa kuphunzitsa ana m'chinenero chawo, ife kuno m'Chinyanja, ndipo tinaona ana amene ankakhala duu akuyamba kukweza manja. Lilime tinalimasula, diso likadali lomangidwa. Za utoto musadandaule. Makala alipo, katondo alipo, phulusa ndi mtsiro umene amayi amazirira nyumba zilipo, ndipo mapepala a simenti amangotayidwa pa malo omanga. Amayi oumba mbiya ndi abambo osema mitondo ali m'midzi yozungulira sukulu iliyonse, sanaitanidwepo n'kamodzi komwe kuti adzaime kutsogolo kwa kalasi.

Mtsikana uja ndinamutuma kuti akajambule amayi ake akusinja. Anabwera nacho chithunzicho, mikono yamphamvu, mpango utapendekeka, thukuta pakhosi. Lachisanu lapitali anatsalira anzake ataweruka n'kundipempha kalilole uja. Pepala lake lachiwiri lili pa tebulo pambali pa loyamba. Kampata ka m'mano kalipo. Khungu sanalipake, akuti mtundu wake sanaupezebe, ndipo m'mphepete mwa pepalalo mwadzaza timadontho ta katondo wosakaniza ndi makala, tina todera, tina tofiirira, pamene wakhala akuyesa.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa ku Angónia, Tete